Nambala 71 ya ku Palibevuto

Mu ufumu wa Palibevuto munthu sankaloledwa kudwala chisawawa. Aliyense wolowa m'chipatala ankayenera kutuluka ndi nambala ya matenda ake. Malungo anali ndi nambala yawo, chifuwa chinali ndi yake, kulumidwa ndi galu kunali ndi yake, ndipo kulumidwa ndi galu wa nduna kunali ndi ina yapadera imene inkatanthauza kuti wolumidwayo ndiye anayamba. Amene anakhazikitsa dongosololi ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, imene inkakonda manambala kuposa anthu chifukwa nambala siibuula, siipempha bulangete, ndiponso siibwera ndi abale ake pa nthawi yoona odwala.

Mkulu wa Ofesi ya Manambala pa chipatala chachikulu cha Mwachira, mumzinda wa Tilibwino, anali Mayi Ediresi Kachere. Anali munthu wophunzira bwino, wa magalasi, wosaseka pa ntchito komanso wosakwiya. Ntchito yawo inali yosavuta kuifotokoza. Dokotala ankalemba m'buku la wodwala zimene waona, iwo n'kuzisandutsa nambala. Nambalayo ndiyo inkalamula zochitika kwa wodwalayo: mankhwala oti amwe, mlingo wake, ndi kumene apite akatuluka. Pakutha pa mwezi manambala onse ankapita kunyumba yachifumu.

Kwa odwala shuga amene avutika atamwa mankhwala kunali manambala atatu oyandikana ngati ana a mimba imodzi. Nambala 71 inkati wodwala anamwa monga anauzidwira koma mankhwalawo amuvulaza. Nambala 72 inkati wodwala anamwa mopitirira. Nambala 73 inkati anamwa moperewera. Kwa zaka zambiri manambalawa ankakhala mwamtendere, osavutitsa munthu.

Kenako kunabwera piritsi latsopano la shuga lotchedwa Dalitso la Mfumu. Linkapangidwa pa fakitale ya a Filimoni Katsabola, amene analinso Nduna ya Zaumoyo, amene analinso mlongo wawo wa Mfumukazi. Monga mwini fakitale, a Katsabola anapanga piritsilo. Monga nduna, analiyesa n'kukhutira nalo kwambiri. Monga mlamu, anapempha kuti mankhwala ena onse a shuga atsekeredwe kumalire, ndipo zinatero. Tsiku lolikhazikitsa kunavinidwa magule mpaka fumbi linaphimba chikwangwani.

Piritsilo linkagwira ntchito, pamenepo tisaname. Linkatsitsa shuga m'thupi mwakhama ngati wantchito wongolembedwa kumene, koma silinkadziwa polekezera. Munthu ankayamba ndi kunjenjemera manja, thukuta n'kutuluka kunja kukuzizira, njala n'kumuluma ngati sanadye chibadwire, kenako ankayankhula zosagwirizana n'kugwa. Anthu anagwa m'misika, m'matchalitchi, pa mizere ya madzi. Madokotala ankalemba zimene aona, ndipo Mayi Kachere ankalemba 71.

Lipoti la mweziwo litafika kunyumba yachifumu, Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna. Inaitanitsanso Mayi Kachere, amene anagwada pakati pa bwalo magalasi ali pamphuno.

"Iyi 71 yadzaza tsamba lonseyi ndi ndani?" inafunsa Mfumu.

"Ndi nambala yamwano, Mwini dziko," anayankha a Katsabola asanafunsidwe. "Ikunena kuti mankhwala onyamula dzina lanu akupweteka anthu."

"Mayi iwe, zoona?"

"Nambala payokha siinena kanthu, Mwini dziko," anatero Mayi Kachere. "Dokotala akalemba kuti munthu wamwa mankhwala monga anauzidwira, shuga wake n'kutsikiratu mpaka kukomoka, ine ndimalemba 71."

"Ndiye kuti anthu angawa akumvera?"

"Akumvera, Mwini dziko."

"Akumvera n'kumagwa?"

"Zili choncho, Mwini dziko."

Mfumu inagwira chibwano, ndipo nduna zonse zinagwira zibwano mofanana nayo. Kenako inati, "M'dziko langa munthu womvera sagwa."

Nduna zinawomba m'manja. Nduna ya Zachitetezo inapempha kuti amange aliyense wakugwa. Nduna ya Zamalimidwe inati mwina vuto ndi nthaka, yayamba kukoka anthu. Koma nzeru yopambana inachokera kwa Nduna ya Zamaphunziro, imene inati muzu wa vutoli ndi nambala yeniyeniyo, chifukwa kukanakhala kuti kulibe 71 sakanapezeka munthu woilemba. Bwalo linavomereza popanda wotsutsa. Madzulo a tsikulo wailesi inalengeza kuti nambala 71 yathetsedwa m'dziko lonse, ndipo pambuyo pa 70 pazibwera 72.

Ana asukulu anakondwa chifukwa kuwerenga kunafupikako. Nkhalamba za zaka 71 zinadzuka zitakula ndi chaka chimodzi, zina mwa izo n'kudandaula kuti bwenzi atazibweza m'mbuyo. M'matchalitchi nyimbo ya nambala imeneyo anaimata ndi phala la chinangwa.

Lamulolo linawonjezeranso zina. Wopatsidwa 72, pokhala munthu wadyera amene amamwa mankhwala a Mfumu ngati mtedza, azikatsekeredwa ku Sukulu ya Kumvera mpaka ataphunzira. Wopatsidwa 73, pokhala munthu wonyozera, azimuwonjezera mlingo kawiri kuti akwaniritse zimene anaba m'thupi mwake.

Pa msika wa Ingovomerani, pafupi ndi pogulitsira makala, pankakhala a Zakeyu Chikafa, osoka nsapato ndi kukonza maambulera. Anali munthu wamtali, wofatsa, wodwala shuga kwa zaka zingapo. Mkazi wawo Felesiya ankagulitsa nyemba mbali ina ya msika womwewo, ndipo anali mng'ono wawo wa Mayi Kachere, bere limodzi. Felesiya ndiye ankasunga mapiritsi a amuna ake m'kabotolo kamene kankakhala m'mpango wake, ndipo m'mawa uliwonse ankawaika piritsi m'manja ndi dzanja lake, n'kudikira mpaka kholingo litayenda.

Tsiku lina dzuwa litakwera, a Zakeyu akusoka nsapato ya mphunzitsi wina, singano inayamba kuphonya. Anafunsa mphunzitsiyo ngati mbuzi zake zabwerako kumsonkhano. Mphunzitsiyo, amene analibe mbuzi, asanayankhe, a Zakeyu anapendekeka pang'onopang'ono ngati mtengo wodulidwa n'kugwera pa mulu wa maambulera.

Anthu a pamsika sanadabwe. Wogulitsa makala anawakweza mutu, mayi wa zitumbuwa anatapa shuga n'kuwapaka m'kamwa, wina anathamanga kukaitana Felesiya.

"Wina wamveranso," anatero wogulitsa makala.

"Bola amaliza nsapato imodzi," anatero mphunzitsi, akuyang'ana phazi lake linalo.

A Zakeyu anatsitsimuka, koma pachipumi panali bala lofuna kusokedwa, choncho anawatengera ku Mwachira pa njinga ya kabaza. Dokotala Nsanama anawasoka, anawayeza magazi, n'kulemba m'buku mwawo zimene anaona. Kenako Felesiya anatenga bukulo kupita nalo ku Ofesi ya Manambala, mtima uli m'malo chifukwa wokhala kuseri kwa tebulo anali mbale wake.

Mayi Kachere anawerenga zimene dokotala analemba, n'kuvula magalasi.

"Alamu anamwa angati?"

"Limodzi, achemwali, ngati masiku onse. Ndinawapatsa ndine."

"Anadya?"

"Anamwa tiyi ndi mbatata. Lembani zoona, achemwali."

"Zoonazo zilibe nambala, Fele."

"Ndiye mulemba chiyani?"

Mayi Kachere anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita pa nthawi ya ntchito. "Pali ziwiri. Ndikalemba 73, mawa adokotala akakamizika kuwapatsa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi. Amene ndinawalembera 73 mwezi uno ambiri sakubweranso kudzatenga mankhwala, ndipo si kuti achira. Ndikalemba 72, apita ku Sukulu ya Kumvera, koma piritsi likhala limodzi."

"Mukufuna kulemba kuti amuna anga ndi adyera? Kuti ine ndimawamwetsa mankhwala ngati ndikufuna kuwapha?"

"Ndikufuna kuti uziwadzudzula ali moyo."

"Ingosiyani osalemba."

"Wopanda nambala satuluka m'chipatala. Ukudziwa."

Felesiya anaimirira n'kumanga chitenje chake mwamphamvu. "Amayi anagulitsa mbuzi zonse kuti inu muphunzire, ine ndikulima. Sindinadandaulepo. Koma sindinkadziwa kuti kusukuluko mumaphunzira kunamizira alamu anu."

Mayi Kachere anavalanso magalasi n'kulemba 72. Felesiya anatuluka osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo akakumana ndi mkulu wake pamsewu ankayang'ana mitengo.

Sukulu ya Kumvera inali m'nyumba yakale yosungiramo thonje kunja kwa mzinda. Ophunzira ake anali ogulitsa m'misika, alimi, amisiri, abusa awiri ndi woweruza milandu mmodzi wopuma pa ntchito. M'mamawa ankawandandalika pamzere, aliyense n'kumeza piritsi pamaso pa msilikali, n'kutulutsa lilime kuti aone kuti lapita. Phala linkabwera mochedwa chifukwa nkhuni zinkadutsa kaye kunyumba kwa mkulu wa sukuluyo. Podikira phalalo ophunzira ankaguba pabwalo akuimba nyimbo zothokoza Mfumu, ndipo nyimbo isanafike pakati ankayamba kugwa mmodzimmodzi.

Zimenezi zinasautsa mkulu wa sukuluyo, chifukwa anthuwo anali atamwa mlingo woyenera asilikali akuona. Analembera a Katsabola kufunsa nzeru. Yankho linabwera lakuti anthuwo sakugwa ayi, akugwada, ndipo kugwada kofika pamphumi ndi umboni wakuti maphunziro akulowa. Mkuluyo anapatsidwa mendulo.

A Zakeyu anagwada choncho kangapo, ulendo wina n'kusiya mano akutsogolo pa mwala wa pabwalo. Felesiya ankabwera Loweruka lililonse ndi nzimbe zoduladula atazibisa pansi pa zovala zochapa.

"Muzitafuna mukangomva manja akuyamba," ankatero.

"Ndizitafuna ndi chiyani, mayi?" anafunsa a Zakeyu, akumuonetsa mpata wa m'kamwa.

"Ndi a m'mbali. Si onse anapita kusukulu."

"Mwawaona achemwali anu?"

"Ndilibe achemwali."

"Musatero. Amene anagona pambali panga m'chipatala muja anamulembera 73 ndi kalaliki wina. Ndamva kuti anaikidwa Lachiwiri."

Felesiya anapinda zovala zakuda n'kunyamuka.

M'dziko lonse odwala shuga anayamba kuyenda ndi nzimbe, masiwiti kapena kathumba ka shuga m'chiuno. Unduna wa Zamalonda unalengeza kuti kugulidwa kwa nzimbe kwakwera kwambiri, chizindikiro chakuti anthu a ku Palibevuto akulemera. Koma pamsika pankamveka mawu ena. Ankati Mfumu nayo imadwala shuga, zimene zinali zoona, ndipo ankati yokha imamwa mankhwala ochokera kunja obwera m'sutikesi ya a Katsabola, zimenenso zinali zoona. Mawuwa anayenda mpaka anakafika m'khutu la Mfumu kudzera mwa wometa wake.

Mfumu inakhumudwa kwambiri, osati chifukwa anthu ankanama, koma chifukwa ankayankhula. Inalamula kuti pa Tsiku Lothokoza Mfumu idzameza Dalitso la Mfumu pamaso pa mtundu wonse.

Tsikulo linafika. Bwalo lalikulu la mzinda linadzaza. Anthu a m'misika anabwera chifukwa misika inatsekedwa, ndipo ophunzira a Sukulu ya Kumvera anabweretsedwa pa lole n'kuikidwa kutsogolo kuti aonere chitsanzo. Mfumu inakwera pa nsanja itavala mkanjo wolemera wa zikopa, piritsi likubwera pambuyo pake pa mbale yagolide.

A Katsabola anayandikira n'kunong'ona. "Mwini dziko, mwina mukanadyako kaye kanthu."

"Mfumu siidya ana ake asanamve mawu ake."

"Kapena mukanangomwa theka."

"Alamu, mukufuna anthu anene kuti ndine wa 73?"

Inameza piritsi lonse, n'kutulutsa lilime kumbali zonse zinayi za dziko. Ng'oma zinalira. Kenako inayamba kuyankhula. Inayambira pa agogo ake a agogo ake, inadutsa pa nkhondo zimene dzikolo likanapambana zikanamenyedwa, inafika pa misewu imene idzamangidwe. Dzuwa linakwera. Chapakati pa nkhani ya misewu, mapepala anayamba kugwedezeka m'manja mwake. Thukuta linatsika m'masaya. Inalamula kuti kuyambira mawa mitsinje yonse iziyenda chokwera, ndipo mlembi wa boma analemba. Inatembenukira kwa Mfumukazi n'kumutcha dzina la mkazi wina, ndipo mlembi anayang'ana Mfumukazi n'kusankha kusalemba. Kenako Mfumu Sindilakwa Wachitatu inapinda mawondo n'kugwa chafufumimba pa nsanja.

Ku Palibevuto mutu wa munthu suloledwa kukhala pamwamba pa mutu wa Mfumu. Choncho nduna zinagona pansi, asilikali anagona pansi, gulu la ng'oma linagona pansi, mtundu wonse unagona pansi. Kunalinso lamulo lakuti thupi la Mfumu siligwiridwa popanda chilolezo cha Mfumu, ndipo panthawiyo Mfumu sinali yoti n'kupereka chilolezo. Bwalo lonse linali zii, anthu masaya ali m'fumbi.

Ndiye kuchokera kumbali ya anthu a m'misika mawu anamveka, kenako ena, kenako ambiri: "Shuga! Apatseni shuga!"

Amene anasuntha anali a Katsabola. Anakwawa ndi mimba pa nsanja, suti ikukolopa matabwa, n'kupisa dzanja m'thumba la jekete. Munatuluka masiwiti odzaza dzanja. Anapisa m'thumba lina, munatuluka kathumba ka shuga. Pofulumira, thumba lachitatu linang'ambika, masiwiti n'kumwazika pa nsanja mpaka ena kugubuduzikira pansi pamaso pa ophunzira a Sukulu ya Kumvera. Ndunayo inapaka shuga m'kamwa mwa Mfumu mwaluso la munthu amene akudziwa bwino zimene akuchita.

A Zakeyu, ali chigonere, anatola siwiti imodzi imene inaima pafupi ndi mphuno yawo. "Kodi a nduna nawo amadwala shuga?" anafunsa woweruza wopuma uja, amene anagona pambali pawo.

"Ayi. Iwo anangowerenga zimene analemba amisiri awo a kufakitale."

Mfumu inatsegula maso, ndipo inatengedwa kupita ku Mwachira, kuchipinda chapamwamba chimene chinkasungidwa chaka chonse podikira tsiku ngati limeneli. Pofika madzulo inali itadya, itachira, ndipo inkafuna kubwerera kwawo. Apa m'pamene mlonda wa pachipata anakumbutsa akuluakulu kuti wopanda nambala satuluka, ndipo lamulolo linasainidwa ndi Mfumu yomwe.

Anaitana Mayi Kachere. Analowa n'kugwada pafupi ndi bedi, nduna zitazungulira.

"Lemba nambala ndizipita," inatero Mfumu.

"Ndifunse kaye, Mwini dziko. Munamwa mopitirira?"

"Mtundu wonse unaona. Limodzi."

"Ndiye 72 siingatheke, pokhapokha titanena kuti Mwini dziko munalakwitsa, ndipo mukuyenera kupita ku Sukulu ya Kumvera."

Nduna ya Zachitetezo inagwira pamtima.

"Munamwa moperewera?"

"Ndati limodzi, lathunthu!"

"Ndiye 73 siingathekenso. Koma ngati bwalo likufuna ndilembe imeneyo, adokotala akupatsani awiri mawa m'mawa."

Mfumu inayang'ana dokotala Nsanama, amene anayang'ana denga.

"Palibe ina?"

"Inalipo, Mwini dziko."

Mfumu inagona m'chipatala usiku umenewo, ndi wotsatira, ndi winanso. Bwalo la nduna linkakumana mozungulira bedi. Nduna ya Zachitetezo inamanga mmisiri amene anakhoma nsanja, koma zimenezo sizinabale nambala. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inalengeza kuti Mfumu sinagwe koma inatsika kukamvetsera madandaulo a nthaka, koma Mayi Kachere anati kumvetsera nthaka si matenda, ndipo munthu wosadwala sakanagonekedwa m'chipatala. Nduna ya Zamaphunziro inapempha kuti apange nambala yatsopano pakati pa 70 ndi 72, ndipo atawerengera bwinobwino anapeza kuti pamalopo pangakwane nambala imodzi yokha, yomwe ija.

Mfumu inali itatopa ndi fungo la mankhwala ophera tizilombo. Inaitanitsa mlembi n'kunena mawu a chilengezo, ndipo madzulo ake wailesi inawawerenga:

"Ana anga okondedwa a ku Palibevuto, ine tate wanu ndaona kuti n'koyenera kulenga nambala yatsopano yotchedwa 71. Nambalayi ndi yaulemu, ndipo ndi ya a m'banja lachifumu okha, pakuti magazi achifumu ndi osalala ndipo amamva mankhwala msanga. Lamuloli liyamba kugwira ntchito Lolemba."

Lolemba m'bandakucha Mayi Kachere analemba 71 m'buku la Mfumu, ndipo Mfumu inatuluka ng'oma zikulira. Dokotala Nsanama, potsatira zimene nambalayo imalamula, anachepetsa mlingo wa Mfumu.

M'mawa womwewo Mayi Kachere anatuma uthenga ku Sukulu ya Kumvera kuti mabuku a ophunzira onse abwere kudzawunikidwanso. Loyamba kulitsegula linali la a Zakeyu Chikafa. Anakhwatcha 72 n'kulemba 71. Anatero ndi lachiwiri, ndi lachitatu, mpaka inki inatha, iwo n'kutumiza munthu kukatenga ina.

Pofika Lachitatu a Katsabola analowa mu ofesimo osagogoda.

"Mayi, mwapenga? Wosoka nsapato ndi wa banja lachifumu?"

"Ndangotsatira chilengezo, a nduna."

"Chilengezo chikuti a m'banja lachifumu okha!"

"Chikuterodi. Koma chikuyamba ndi mawu akuti ana anga okondedwa a ku Palibevuto, ine tate wanu. Ine sindingatsutse Mwini dziko pa nkhani ya ana ake."

"Amenewo ndi mawu ongoyambira nkhani!"

"Mwina. Ngati Mwini dziko sanatanthauze zimene ananena, mukawauze choncho, mundibweretsere kalata yosaina iwowo, ndibweza manambala onse."

A Katsabola anatembenuka n'kutuluka. Sanapite kukauza Mfumu, ndipo kalatayo sinabwere.

Lipoti la mwezi umenewo linaonetsa kuti banja lachifumu lakula modabwitsa, makamaka m'misika ndi m'midzi ya kutali. Mfumu inakondwa kwambiri ndipo inalamula kuti apeke nyimbo. Mfumukazi sanakondwe kwenikweni, ndipo anafunsa mafunso angapo amene sanalembedwe. Fakitale inayamba kupanga piritsi locheperako mphamvu lotchedwa Dalitso Laling'ono, ndipo mankhwala ena a shuga anayamba kudutsa kumalire popanda chilengezo. A Katsabola, chifukwa chopulumutsa moyo wa Mfumu, anakwezedwa kukhala Nduna Yoyang'anira Nduna Zinzake. Sukulu ya Kumvera inatsekedwa chifukwa chosowa ophunzira, ndipo wailesi inati onse anakhoza.

A Zakeyu atapita kukatenga mankhwala atsopano anafunsa dokotala Nsanama, "Ndiye kuti piritsi lija linali lolakwika, adokotala?"

Dokotalayo anayang'ana kuchitseko. "Piritsi silinalakwe, bambo. Magazi anu achifumuwo ndiwo sachedwa kukhumudwa."

"Ndinkadabwa ine," anatero a Zakeyu.

Anabwerera kumsika, kumene anapeza malo awo atatengedwa ndi wogulitsa mabatire, ndipo anakhazikika pang'ono kumunsi, pafupi ndi ngalande. Ankasoka tsiku lonse ali chikhalire. Anthu odutsa ankawapatsa moni wakuti "Akalonga," iwo n'kuyankha mwaulemu, mphepo ikudutsa pa mpata wa mano.

Felesiya anapita ku Ofesi ya Manambala tsiku lina masana atanyamula nyemba m'kathumba. Anapeza mzere wautali wa anthu ofuna kusinthitsa manambala, ndipo analambalala n'kulowa mkati. Anaika kathumbako patebulo.

"Ndi za kholophethe. Zimapsa msanga."

"Zikomo, Fele. Alamu ali bwanji?"

"Ali bwino. Akudya kwambiri." Anakhala pa benchi ya pambali n'kuyang'ana khoma. "Mawu aja a mbuzi za amayi musawasunge, achemwali."

"Ndinawataya kalekale. Khala pomwepo, tipitire limodzi ndikaweruka."

Wotsatira pamzere anali mayi wachikulire wovala duku lakuda, amene Mayi Kachere sankamudziwa. Anapereka buku lachipatala ndi manja awiri. Linali la amuna ake, a Yonasi Mtambalika, oyendetsa ngolo. Patsamba lomaliza panali 73, yolembedwa ndi dzanja la Mayi Kachere.

"Eni bukuli ali kuti?"

"Anatisiya, mayi. Atawawonjezera mapiritsi aja anagona masana osadzukanso. Ine sindikufuna kanthu. Ndimati mungowakonzera nambala, chifukwa abale awo akuti ine ndiye ndinkawamana mankhwala. Ndamva kuti tonse tsopano ndife ana a Mfumu."

Mayi Kachere anayang'ana tsiku limene linalembedwa m'bukumo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, n'kuwavalanso.

"Lamuloli linayamba Lolemba lija, mayi. Amuna anu anamwalira Loweruka lake la m'mbuyo."

"Ndiye kuti?"

"Ndiye kuti anamwalira ali munthu wamba."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sanayembekezere kugula. Anatenga bukulo n'kulikulunga m'chitenje.

"Bambo ameneyu," anatero. "Moyo wake wonse ankachedwa. Kutchalitchi kuchedwa, kumaliro kuchedwa, pa ukwati wathu womwe anachedwa. Apa pokha m'pamene anafulumira."

Anawerama pang'ono n'kutuluka. Felesiya anayang'ana mkulu wake. Mayi Kachere anayang'ana m'buku la patebulo, cholembera chili m'manja, mpaka mayiyo atazimiririka pakhonde. Kenako anakweza mutu.

"Wotsatira."